Musanyoze satifiketi ya m'dimba musanawerenge kumene ana athu apita

Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera limene limalipiriranso maphunziro a luso, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makomboni athu adzaza ndi ana onyamula masatifiketi a maphunziro a luso. Ena aphunzira kuwotcherera zitsulo, ena zamagetsi, ena kusoka, ndipo za amenewa anthu sakangana kwenikweni. Mkangano umabuka akatchulidwa aja anasankha ulimi wa ndiwo zamasamba, zipatso ndi maluwa. Mukamvera oimba foni pa wailesi m'mawa, kapena mukakhala kumbuyo m'minibasi yochokera ku Chelstone kulowa m'tauni, mawu ake ndi amodzimodzi: boma likutaya ndalama kupanga magadeni boyi okhala ndi mapepala, mu Lusaka mulibe polima, kubzala repu sikulira koleji. Mawu omwewa anandipeza m'nyumba mwanga momwe, tsiku limene mwana wa mlongo wanga anabwera kudzationetsa satifiketi yake ya chaka chimodzi. Akulu anga anaiyang'ana, naibweza, namufunsa kuti, "Nanga iwe, pepalali uzikathirira nalo masamba?" Mwanayo anangoweramitsa mutu.

Ine ndaima mbali ya mwanayo, ndipo ndinene poyambirira pomwe chimene ndikukhulupirira. Ulimi wa m'tauni ndi limodzi mwa maluso amene mzinda uno ukuwasowa kwambiri, ndipo onyoza satifiketi yake akuiyeza ndi muyeso wolakwika. Akufunsa kuti ndi angati analembedwa ntchito ya malipiro a pamwezi, pamene funso loyenera ndi lakuti ndani akulowa m'maphunzirowa, ndipo akatuluka akudya chiyani. Ndalama zipitirire kulipirira maphunzirowa. Koma koleji iliyonse yolandira ndalamazo iziwerenga ana ake ndi kutiuza poyera kumene apita, chifukwa popanda zimenezo tonse, onyoza ndi oteteza omwe, tikungoponyerana nkhani za m'minibasi.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti agogo athu ku Katete, ku Chadiza ndi ku Chipata analima madimba moyo wawo wonse osapondako m'kalasi, ndipo mpaka lero amayi ambiri amene amadyetsa mzinda uno alibe pepala lililonse. Izi n'zoona, ndipo ine amene ndinaphunzira ndi ndalama za kabichi wa m'dimba la amayi anga sindingazipeputse. Koma tiyeni tikumbukire mmene dimba limenelo linalili. Linali m'dambo, pa nthaka yakuda, chitsime chili pakati, manyowa akuchokera m'khola la ng'ombe kuseri kwa nyumba. Wolima mu Lusaka alibe chilichonse mwa zimenezi. Mzindawu unakhala pa mwala wa laimu wong'ambikang'ambika, ndipo m'madera ngati Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti zotuluka m'zimbudzi zokumba sizichedwa kufika m'zitsime. Tonse tikukumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ija ya kuchiyambi kwa 2024 imene inasandutsa bwalo la Heroes kukhala chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Mtsinje wa Ngwerere umalandira madzi otuluka ku malo oyeretsera zonyansa za mumzinda, ndipo m'mbali mwake anthu amathirira masamba amene amathera m'mbale zathu. Sindikuwaweruza anthu amenewa, akusaka chakudya cha ana awo. Ndikungonena kuti kusiyanitsa madzi oyenera letesi wodyedwa wosaphika ndi madzi ongoyenera maluwa kapena mitengo, kudziwa kuthirira patsinde osanyowetsa masamba, si nzeru imene munthu amabadwa nayo. Agogo sanaiphunzire chifukwa kumudzi sinkafunika.

Chimodzimodzinso ndi tizilombo. Mu 2016 kunafika kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kamabowola n'kukhala m'kati mwa tsamba ndi chipatso cha tomato, mmene mankhwala safika msanga. Munthu wosauzidwa amachita chimene aliyense angachite: amawonjezera muyeso, n'kumapopera mankhwala amodzimodziwo kawirikawiri, pamene kambozi kameneka kamazolowera mankhwala obwerezedwa. Kuopsa kwa kusadziwa kotereku ndinakuona ndi maso anga. Madzulo ena mnansi wathu, bambo wolimbikira amene ali ndi mizere ya repu kuseri kwa nyumba, ankasungunula mankhwala m'chigubu, akuyeza ndi chivindikiro cha botolo, m'manja mulibe chovala chilichonse. Mwana wa mlongo wanga anapempha botololo, nalitembenuza, nawerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Kenaka ananyonyomala pafupi nawo nati, "Atate, apa alemba kuti mukapopera mudikire masiku asanu ndi awiri musanathyole. Mwati mawa mupita nawo kumsika?" Bamboyo anakhala chete kanthawi, kenaka anayankha kuti zaka zonsezi palibe anawauzapo zimenezo, ngakhale wa m'sitolo amene anawagulitsa. Repu ameneyo akanagulidwa ndi mkazi wanga, kapena wanu, ndi mbasela yomwe. Ngati chaka chimodzi cha koleji chimaika m'komboni munthu mmodzi wodziwa kuwerenga botolo lija, phindu lake silikuthera m'thumba mwake mokha. Likufika m'mimba mwa aliyense wodya ndiwo.

Mfundo yachiwiri ndi yolemererapo: ntchito kulibe. Otsutsa akuti omaliza maphunzirowa amathera kumayadi, kutchetcha kapinga ndi kutsuka galimoto za abwana, pa malipiro amene munthu wopanda pepala amalandiranso. Malamulo athu amaika wosamalira maluwa panyumba m'gulu limodzi ndi antchito a m'nyumba, ndipo malipiro otsikitsitsa a gulu limeneli anaikidwa pa K1,300 pamwezi mu Januwale 2024. Kholo limene linadikira chaka chathunthu lili ndi ufulu wodandaula likaona mwana akulandira zimenezo. Ndipo dzina lakuti gadeni boyi limaluma chifukwa lili ndi mbiri. Lusaka atakhala likulu mu 1935 anakonzedwa ngati mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa mayadi aakulu a azungu, ndipo wogwira khasu ndi payipi m'mayadimo anali munthu wakuda wotchedwa boyi ngakhale atamera imvi. Choncho akulu anga ndimawamvetsa. Sakudana ndi mwanayo, akuopa kuti abwerera kumene makolo athu anathawako. Ndikuvomerezanso kuti ntchito za m'mafamu aakulu sizili monga kale. M'zaka za m'ma 1990 ndege zinkanyamula maluwa a rozi, nyemba zaziwisi ndi chimanga chanthete kuchokera m'mafamu ozungulira Lusaka kupita ku Ulaya, moti koleji ya zaulimi ya NRDC inagwirizana ndi bungwe la alimi otumiza mbewu kunja la ZEGA kuphunzitsa anthu a ntchito imeneyo. Kampani yaikulu ya Agriflora itagwa mu 2004, anthu ambiri anakhala pansi. Amene akuyembekeza kuti mwana aliyense wa satifiketi adzavala ovolosi ya famu yotumiza kunja adikira mpaka kutopa.

Komabe apa m'pamene muyeso wa otsutsa ukulakwika. Anthu ambiri ogwira ntchito m'Zambia alibe kapepala ka malipiro a pamwezi. Wowotcherera wa ku Kalingalinga amene amapanga mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata sitimutcha lova, timati ali ndi luso lake. Nanga bwanji wolima yekha ndiye timufunsa kalata yolembedwera ntchito? Yendani mumsewu wa Leopards Hill muone manazale a maluwa ndi mitengo ya zipatso m'mbali mwa msewu. Onani nyumba zatsopano ku Chalala, ku Silverest ndi ku Meanwood, iliyonse ikufuna kapinga, mpanda wa maluwa ndi mtengo wa mthunzi. Fikani pamsika wa Soweto kusanache muone mabokosi a tomato akutsitsidwa, ndipo mudzifunse kuti mbande za tomato yenseyo anafesa ndani. Kuseri kwa nyumba yathu ku Kaunda Square, pamalo osakwana kuimikapo minibasi ziwiri, mwana wa mlongo wanga anakhoma neti ya mthunzi pa mitengo ya bulugamu, nayala mathireyi a mabowo 200 pa matabwa. Ikamakwana 5 koloko m'mawa amakhala atawerama kale, akuthirira ndi kheni ya timabowo ting'onoting'ono, n'kumadzutsa ndi chala mbande iliyonse imene yagona. Pakatha milungu inayi kapena isanu mbande za tomato ndi kabichi zimakhala zafika powokera, ndipo alimi a ku Chongwe ndi ku Kasisi amabwera kudzatenga, ena panjinga. Amabwereranso kwa iye chifukwa mbande zake sizifota akaziwokera: masiku omaliza amachepetsa madzi ndi kuzitulutsa padzuwa kuti zikhwime, ndipo zimenezo anaziphunzira kukoleji. Chaka chino ndiye anagulira mng'ono wake yunifolomu ndi nsapato. Koma atabwera munthu wa mafomu n'kumufunsa kuti kodi unalembedwa ntchito, yankho lake ndi ayi, ndipo dzina lake lilowa m'gulu la olephera.

Mfundo yachitatu sinenedwa mokweza, koma imamveka. Akuti maphunzirowa ndi dzala lotayirako olephera, aja sanakhoze Giredi 12 mokwanira kupita ku UNZA kapena ku unamwino. Tsiku la mwambo wolandira masatifiketi ndinakhala pampando wa pulasitiki n'kumayang'anitsitsa amene ankaitanidwa maina. Ongochoka kumene ku sekondale analipo, koma amene anandigwira mtima anali ena. Panali atsikana amene anasiyira sukulu pa Giredi 9 chifukwa cha pathupi, mmodzi anangovula gauni n'kubereka mwana m'chitenje. Panali amayi ogulitsa pamsika, otopa ndi kuoda, ofuna kumadzilimira okha zimene amagulitsa. Panalinso abambo amene atchetcha kapinga kumayadi zaka zambiri, amene anadza kudzaphunzira kumezanitsa mango ndi makotapela kuti asiye kutchedwa boyi. Ngati amenewa ndiwo olephera, ndiye kuti ndalama za boma zinakhazikitsidwira iwowo. Mwana wa mapointi asanu ndi limodzi ali ndi makomo ambiri otseguka, pamene mayi wa mwana kumbuyo ali ndi limodzi lokha, ndipo ena akufuna kulitseka. Koma maso a munthu mmodzi si kaundula, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kuwerenga. Kudziwa kuti ndani akulowa kumasintha zinthu zenizeni. Ngati ambiri ndi amayi a pamsika, kalasi ya m'mamawa, nthawi yooda ku Soweto, ikuwatsekera kunja. Ngati ofuna kwambiri ndi akuluakulu, malire a zaka 35 amene boma limaika pa unyamata akusiya pakhomo mayi wa zaka 42 amene akanagwiritsa ntchito luso lake mawa lomwe. Ngati atsikana akumaliza bwino koma mafamu n'kumatenga anyamata okhaokha, ndiye kuti vuto silili m'kalasi. Kuwonjezera apo, TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ili ndi masatifiketi osiyanasiyana: ena a miyezi yochepa, ena a chaka, ena a zaka ziwiri. Kuwaponya onsewa m'thumba limodzi n'kunena kuti sathandiza ndi kuweruza mlandu osamva mboni.

Pali chinthu chimodzi chimene otsutsa amanena ndipo ndikuchivomereza chonse. Ndalama za CDF zitachuluka, panabuka timakoleji tina tongotsata ndalamazo. Ndinalowapo m'kamodzi, pamwamba pa mashopu, kokhala ndi chikwangwani chowala bwino, kamene kankaphunzitsa kupanga manyowa pabolodi, kopanda ngakhale bedi limodzi la masamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wotuluka m'malo otere wabedwa chaka chake, ndipo zimandipweteka chifukwa ndi iye amene anthu amaloza akamanyoza anzake onse. Koma mankhwala a nthenda imeneyi si kutseka maphunziro. Kakoleji kotere kamabisala chifukwa palibe amakafunsa kuti ana ako a chaka chatha ali kuti.

Ndasiyira kumapeto mfundo yovuta kuposa zonse, ya malo ndi madzi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni mumzinda wa Lusaka wokha. Pamene panali dimba zaka khumi zapitazo lero pali mafulati. Eni nyumba amayala mapeva mpaka pakhomo pa chimbudzi, ndipo ngakhale nkhalango ya Forest 27, imene imamwetsa mtsinje wa Chalimbana, inadulidwako mapuloti. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatsitsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, mapampu a zitsime zobowola n'kukhala chete. Tsono otsutsa amafunsa: mwana wochita lendi chipinda chimodzi ku Mtendere, wogula madzi pa ndowa, azilima pati? Funsoli ndi lolondola. Mwana wa mlongo wanga anayamba chifukwa amalume ake ali ndi kaseri ka nyumba, ndipo anzake ena amene anakhoza kuposa iye alibe amalume otere. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, malo ndi madzi zikachepa m'pamene luso limafunika kwambiri. Wa maekala khumi angalakwitse n'kukololabe kanthu, koma wa mabedi anayi akalakwitsa kamodzi wagona ndi njala. Kuphimbira nthaka ndi udzu kuti chinyezi chisathawe, kuthirira modontheza patsinde, kubzala m'matumba pamene pali simenti, kusandutsa zinyalala za pamsika kukhala manyowa, zonsezi ndi zophunzitsika, ndipo sitiyenera kuzifuna kutali: ku Kasisi, kuseri kwa bwalo la ndege, malo ophunzitsira ulimi a ansembe a Chijezuiti akhalapo kuyambira mu 1974, ndipo amadziwika ndi ulimi wosadalira feteleza ndi mankhwala ogula.

Chachiwiri, malo alipo, kungoti ali m'manja mwa masukulu, matchalitchi, zipatala ndi khonsolo. Ife amene tinaphunzira nthawi ya Kaunda timakumbukira minda ya sukulu, kalasi iliyonse ndi mabedi ake, ndowa m'manja tisanalowe m'kalasi. Lero masukulu ambiri a boma ali ndi mpanda ndi thanki ya madzi, kuseri kwa makalasi kukungomera tchire. Chikuletsa n'chiyani kuti sukulu ipatse omaliza maphunziro awiri malo amenewo, iwo azilima ndi kuphunzitsa ana, gawo la ndiwo lizitsala pasukulu? Ndipo thumba lomwelo la CDF limene linalipira fizi lilinso ndi gawo la ngongole ndi thandizo la mabizinesi a achinyamata ndi amayi. Wophunzira kusoka aliyense amadziwa kuti popanda makina sanamalize. Wolimanso amafunika neti, thanki, mathireyi ndi paketi ya mbewu yabwino. Kumuphunzitsa chaka chonse n'kumutulutsa pageti ali chimanjamanja ndiko kutaya ndalama kwenikweni, ndipo wolakwa pamenepo si mwana kapena luso lake, ndife amene tamusiya panjira.

Choncho pempho langa likupita kwa makomiti a chitukuko a m'mawadi, amene amalandira mafomu a ana ofuna thandizoli. Musanatumize mwana wina ku koleji iliyonse, pitani mukaone ngati ili ndi dimba ndi madzi, ndipo mupemphe pepala limodzi lokha: analowa angati, akazi angati ndi amuna angati, a zaka zingati, a m'makomboni ati, pa satifiketi ya utali wotani, anamaliza angati, ndipo patatha chaka ndi angati ali pafamu, angati kumayadi, angati m'masitolo a mbewu, angati akudzigulitsira mbande, maluwa kapena ndiwo, angati akungokhala. Pepalalo limatidwe pageti la koleji, pamene kholo lililonse lingawerenge. Likaonetsa kuti koleji ina ikutulutsa malova okhaokha, ine ndidzakhala woyamba kunena kuti isalandirenso ngwee. Ntchito yolemba pepalali si yodula, ndi kuimba mafoni basi, ndipo potengera ndalama zake palipo, popeza kuyambira mu 2017 olemba anthu ntchito akhala akupereka 0.5 peresenti ya malipiro ku thumba la maphunziro a luso.

Akulu anga akadali kufunsa kuti mwanayo adzapeza liti ntchito. Papita chaka ndi theka chilandirireni satifiketi ija, ndipo nambala yake ya foni ndi yomweyo imene analemba pafomu tsiku loyamba. Kukoleji kwake palibe anamuimbirapo. Akanaimba Lachiwiri lapitali akanamupeza panja pa geti, matope ali m'miyendo, akukweza mathireyi a kabichi pa kanta ya mlimi wa ku Chongwe, akumukumbutsa kuti akawokere dzuwa litapendeka.